Divaida ya agogo ndi mipata ya bedi yokana kufanana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, amene akuphunzira ukalipentala pashedi ya amalume ake. Iye analemba kuti: "M'bokosi la zida la malemu agogo ndapezamo kachitsulo ka miyendo iwiri yosongoka, kofanana ndi kampasi ya kusukulu koma kopanda pensulo. Amalume akuti ndi divaida, koma iwo saigwiritsa ntchito. Kodi ili ndi phindu masiku ano pamene tepi ilipo? Ndikukhoma bedi la mwana, ndipo mipata ya timatabwa ta m'mbali ikukana kufanana ngakhale ndiyeze kangati."

Achimwene, musaitaye. Vuto la bedi lanulo ndi limene divaida anaipangira.

Tiyambe ndi chimene chikukuvutani. Tinene kuti pakati pa nsanamira ziwiri za bedi pali masentimita 137 ndipo mukufuna kugawa kasanu ndi kawiri. Foni ikupatsani 19.571 ndi manambala ena kutsogoloko. Patepi nambala imeneyo palibe, ndiye mumangoti 19.6. Mukafika kumapeto mwaonjezera kale mamilimita awiri. Onjezerani kunenepa kwa mzere wa pensulo, ndi kangowe ka kumutu kwa tepi kamene kamagwedera kwambiri tepi ikakalamba kapena ikagwa pansi kangapo. Zolakwika zing'onozing'ono zonsezi zimakaunjikana pampata womaliza, ndipo diso la kasitomala limathamangira pomwepo.

Divaida siwerenga manambala. Imangosunga mtunda umene mwaipatsa n'kuubwereza. Itseguleni mongoyerekeza, ikani nsonga imodzi poyambira mzere, kenako iyendetseni ngati munthu woponda mapazi: mwendo uwu ubaye, winawo uzungulire kutsogolo, kenako winawo. Werengani mapazi asanu ndi awiri. Mukapeza kuti mwapelewera ndi mpata ngati wa chala, musatsegule chala chonse. Tsegulani gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a kampatako, chifukwa chimene mwaonjezacho chibwerezedwa paphazi lililonse. Mukapitirira, tsekani chimodzimodzi. Ulendo wachitatu kapena wachinayi nsonga imagwera ndendende pamapeto, ndipo magawo onse amakhala ofanana popanda kudziwa kuti lililonse ndi mamilimita angati.

Koma timatabwa ta bedi tili ndi mulifupi wake, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mukakhala ndi timatabwa tisanu ndi kamodzi, mipata imakhala isanu ndi iwiri. Chitani izi: kumapeto, pamene pali nsanamira yachiwiri, talikitsani mzere wanu ndi mulifupi wa kathabwa kamodzi. Ingogonekani kathabwako pamenepo n'kulemba. Tsopano gawani mzere wotalikitsidwawo kasanu ndi kawiri, kuyambira pansanamira yoyamba. Phazi lililonse lili ndi mpata umodzi ndi kathabwa kamodzi, choncho paliponse pamene nsonga yabaya ndi pothera kathabwa. Chizindikiro chomaliza chimagwera kunja, pa kathabwa kongoganizira kaja. Ine njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, moti ndikamakhoma zitseko za makabati zokhala ndi timatabwa, tepi ndimaigwira kamodzi kokha, poyeza utali wonse. Amisiri odula dovetail, mano olowerana olumikizira matabwa pamakona a madirowa, amagawa manowo ndi nzeru yomweyi.

Chenjezo limodzi lokhudza matabwa athu. Ambiri kuno ku Mzuzu timagwira paini wa ku Chikangawa, ndipo paini ndi wofewa koma ali ndi mizere yolimba mkati mwake. Mukakanikiza kwambiri, nsonga imaterereka kuchoka pamzere wolimba n'kulowa pofewa, muyeso n'kusuntha. Timabowo take timadzaonekanso mukapaka vanishi. Ndiye poyeserera muzingokhudza pang'ono, mubaye zenizeni paulendo womaliza. Chabwino koposa ndi kugawa pakathabwa kotsala kowongoka, kenako n'kusamutsira zizindikirozo ndi sikweya pathabwa la pamwamba ndi la pansi nthawi imodzi, mutawagundanitsa. Mukatero mabowo a pamwamba ndi a pansi adzayang'anizana. Pamlombwa kapena mbawa nsonga imakhazikika bwino, koma pensulo sioneka kwenikweni pamtengo wakuda, ndiye kabowo ka divaida kamathandizanso kuti chizelo kapena kachitsulo koboolera kapeze poyambira.

Ntchito ina imene ndimaiona kawirikawiri ndi ya makoma okhota. Nyumba zambiri za lendi ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo pulasitala wake ndi wa mafunde, simenti ya pansi nayonso njotsetsereka. Mukaimika kabati pakhoma lotere pamatsala mpata wolowa dzanja pena, pena pogundana. Imikani kabatiyo mowongoka, tsegulani divaida molingana ndi pamene mpata wakula kwambiri, ndipo tsitsani mwendo umodzi ukukhudza khoma pamene winawo ukukanda thabwa la m'mbali mwa kabatiyo. Mafunde onse a khoma amajambulika pathabwapo. Mukapala ndi puleni kufika pamzerewo, kabati imakumbatira khoma. Chachikulu ndi kusapendeketsa dzanja potsika, miyendo iwiriyo izikhala yopingasa kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Pazozungulira sinditaya nthawi. Mukajambula bwalo, mtunda womwewo umene mwajambulira umalowa kasanu ndi kamodzi ndendende mukauyendetsa pamzere wa bwalolo. Dumphani chizindikiro chimodzichimodzi, mwapeza poika miyendo itatu ya kampando kozungulira.

Tsopano za divaida ya agogoyo. Chinyezi cha kuno mukuchidziwa, mvula yochedwa kutha ndi mawawa a m'nyengo yozizira, ndiye ndikukhulupirira kuti yachita dzimbiri. Ipukuteni ndi sandipepa wosalala, mudonthezere oilo pamfundo ndi pakanati kake. Itsekeni muone ngati nsonga ziwirizo zikukumana ndipo n'zofanana kutalika. Ngati zabuntha, nolani ndi tupa mbali ya kunja yokha, chifukwa mukadya mkati sizidzagundananso. Mfundo ikakhala yogwedera, divaida imatseguka yokha mukamayenda ndipo imakunamizani kuposa tepi, choncho imangeni kaye musanayambe.

Anzanu amene alibe asadandaule. Kadivaida ka m'bokosi la masamu la kusukulu kamakwana pantchito zing'onozing'ono ngati madirowa. Yaikulu mutha kupanga ndi timitengo tiwiri tolimba, bauti imodzi yomangira pamwamba, ndi misomali iwiri yodula mitu n'kunola.

Mukamaliza kugawa, musasunthe divaidayo mpaka mutalemba mbali zonse ziwiri za bedi. Ndipo popeza ndi bedi la mwana, mipatayo ikhale yothina, isapitirire masentimita 6, kuti mutu wa khanda usalowe. Ngati yakula, onjezani timatabwa n'kugawanso.