Kodi Ekron wa Baala-zebubu analikodi?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti: "Abusa Lamlungu lapitali analalikira za Mfumu Ahaziya yomwe inatuma anthu kukaombeza kwa Baala-zebubu, mulungu wa ku Ekroni. Kodi mzindawu unalipodi, kapena ndi fanizo chabe?"

Unalipo ndithu, amayi. Ekron, amene Baibulo lathu limalemba kuti Ekroni, unali umodzi mwa mizinda isanu ya Afilisti. Lero ndi chitunda chotchedwa Tel Miqne, makilomita pafupifupi 35 kumadzulo kwa Jerusalem. Akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Trude Dothan ndi Seymour Gitin, anakumba pamenepo kuyambira 1981 mpaka 1996.

Kwa zaka zonsezo ankangokhulupirira kuti akukumba Ekron, umboni wogwirika analibe. M'chaka chomalizacho, m'mabwinja a kachisi, anapeza mwala wolembedwa mizere isanu. Mwalawo umanena kuti kachisiyo anamanga ndi Akisi mwana wa Padi, wolamulira wa Ekron. Dzina la mzinda lili pomwepo, mkangano unathera pamenepo. Padi ameneyu si mlendo. Zolemba za Senakeribu, mfumu ya Asuri, za nkhondo ya mu 701 BC zimati anthu a ku Ekron anam'manga Padiyo n'kukam'pereka kwa Hezekiya, mfumu ya Yuda, kenako Senakeribu anam'bwezera pampando. Mwalawo tsopano uli ku Israel Museum.

Koma ine chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mafuta. M'mphepete mwa linga anafukulamo malo oyengera mafuta a azitona okwana 115. Zipatso ankaziphwanya m'beseni lamwala, phalalo n'kuliika m'madengu oluka osanjikiza, pamwamba n'kutsamiritsapo mtanda umene anaumangirira miyala yoboola ngati zolemetsa. Mafuta ankatsikira m'mbiya zamwala zapambali. Tangoganizani fungo lake nyengo yokolola! Mzinda umene timangoudziwa ngati kwa mafano unali wa anthu a geni, olemera ndi malonda pansi pa ulamuliro wa Asuri, mpaka Nebukadinezara anautentha cha m'ma 604 BC.

Tsono apa ndikuchenjezeni, chifukwa alaliki ena amathamanga nazo nkhanizi. Mwala uja sutchula Baala-zebubu. Akisi anamangira kachisiyo mulungu wamkazi, dzina lake lolembedwa ndi zilembo PTGYH, ndipo Akisiyo ankalamulira patapita zaka zoposa 150 Ahaziya atamwalira. Zofukulidwazi zikutsimikiza mzinda, mafumu ake ndi chuma chake. Nkhani ya Ahaziya yokha tiisiye pomwe ili, pa 2 Mafumu 1.

Dzina loti Baala-zebubu limatanthauza "mbuye wa ntchentche". Akatswiri ambiri amaganiza kuti eni ake ankati Baala-zebuli, kutanthauza Baala kalonga, ndipo Aisraeli analipotoza dala pofuna kunyoza, monga ana amachitira ndi dzina la mnzawo kusukulu. Belezebule wa pa Mateyu 12:24, yemwe Afarisi anamutcha mkulu wa ziwanda, dzina lake linachokera kumeneku.