Cavanna sanafere pa chiwembu cha 2015

Mwafunsa ngati François Cavanna, mlembi wa ku France, anafera pa chiwembu cha pa ofesi ya nyuzipepala ya nthabwala ya Charlie Hebdo. Ayi achimwene, iye sanali m'gulu la anthu amene anaphedwa pa ofesiyo ku Paris pa 7 Januwale 2015. Anali atamwalira kale pa 29 Januwale 2014 ali ndi zaka 90, atavutika ndi matenda a Parkinson. Anthu amasokoneza chifukwa ndi mmodzi mwa amene anayambitsa nyuzipepalayi.

Mu 1960 iye ndi Georges Bernier anayambitsa magazini ya nthabwala zolasa yotchedwa Hara-Kiri. Mu Novembala 1970 boma linaletsa nyuzipepala yawo ya mlungu ndi mlungu chifukwa chochita nthabwala pa imfa ya Charles de Gaulle, pulezidenti wakale wa France. Iwo sanagwe ulesi, anangosintha dzina n'kutulukanso ngati Charlie Hebdo.

Komatu kwa ine Cavanna weniweni ali m'mabuku ake. Buku la Les Ritals, la 1978, limasimba za ubwana wake ku Nogent-sur-Marne, pafupi ndi Paris, ali mwana wa mmisiri womanga nyumba wochokera ku Italy. Ndinaliwerenga dikishonale ili pambali, tsamba limodzi n'kundidyera ola lathunthu, poti mkuluyu amalemba Chifalansa cha mumsewu, mawu ena m'dikishonalemo mulibe n'komwe. Ngati mukufuna kuliwerenga pa za sukulu, pezani mphunzitsi wa Chifalansa akuthandizeni.

Ngati inunso mukufuna kumalemba zonyodola andale, onanani kaye ndi loya musanasindikize. Malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu amasiyana m'mayiko.