Musathamangire tiketi ya chaka chonse ya Leeds Rhinos, yambani mwaonera za 2015

Achemwali, funso lanu ndinaliona usiku nditangoweruka, ndiye ndinati ndiyankhe kukacha mutu utapola. Mwati munafika ku Leeds chaka chatha, ndipo mnyamata wanu wa zaka 11 watengeka ndi anzake a kusukulu moti pakamwa pake sipachoka Rhinos. Pano akukuumirizani kuti mugule tiketi ya chaka chonse ya ku Headingley, bwalo la timu ya rugby imeneyi, chonsecho inu masewerawo simukuwamvetsa n'komwe. Ine ndikuti musagule kaye. Timuyo ndimaikonda, ndakhala ndikupita ku bwalo limenelo kwa zaka zambiri, koma tiketi ya mtundu umenewu imakoma kwa munthu amene akudziwa chomwe akukaonera. Apo ayi mudzangokhala mukuzizidwa, maso ali pa foni, ndalama zitapita.

Tiyambe ndi chisokonezo chomwe ambiri timabwera nacho kuchokera kumudzi. Rugby yomwe tinazolowera kuiona pa kanema, ija ya ma Springboks a ku South Africa, ndi ya anthu 15 mbali iliyonse. Ya Rhinos ndi ina, amaitcha rugby league, ndipo mbali iliyonse mumakhala anthu 13. Awiriwa anasiyana mu 1895 pa msonkhano wa ku George Hotel ku Huddersfield, kufupi konkuno. Nkhani inali ya ndalama. Osewera a kumpoto kuno anali anthu a m'migodi ndi m'mafakitale, ndipo akajomba kuntchito Loweruka kuti akasewere ankadulidwa malipiro. Makalabu awo anafuna kuwabwezera ndalamazo, akuluakulu a masewerawo anakana, basi n'kupatukana. N'chifukwa chake mpaka lero masewerawa ali ndi mizu ku Leeds, Wigan, St Helens, Hull, Castleford ndi Warrington, ndipo mukalakwitsa n'kuwasokoneza ndi rugby inayo pamaso pa nkhalamba ya ku Yorkshire, ikukonzani nthawi yomweyo.

Malamulo ofunika kuti muyambire ndi ochepa. Timu ikatenga mpira imakhala ndi mwayi wogwetsedwa kasanu ndi kamodzi. Akakugwetsani kachisanu ndi chimodzi musanagoletse, mpira umapita kwa anzanu, n'chifukwa chake akagwetsedwa kachisanu nthawi zambiri amaumenya ndi mwendo kuti upite kutali. Kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, komwe amati try, ndi mapointi 4. Kuumenya pakati pa mitengo pambuyo pa try ndi 2, penate ndi 2, ndipo kuumenya ukudunda masewero ali mkati ndi pointi imodzi. Gemu ndi ya mphindi 80. Zotsalazo mnyamata wanuyo akuphunzitsani mosangalala, musamulande ntchito.

Chomwe chimavuta alendo kwambiri ndi kamangidwe ka chaka chonse, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo. Amayamba mu Febuluwale n'kutsiriza mu Okutobala, ndipo zikho zomwe amalimbirana ndi zitatu. Pali Challenge Cup, ya ndime ndi ndime, wagonja watuluka, fainolo yake ku Wembley. Pali chishango chomwe amapatsa timu yomwe yamaliza pamwamba pa ligi ya Super League. Kenako pali chomwe chimatidabwitsa ife a mpira wamiyendo: womaliza pamwambayo sanakhale katswiri ayi. Matimu apamwamba amapitirira kukachotsana, ndipo katswiri ndi amene wapambana Grand Final ku Old Trafford, bwalo la Manchester United lija. Tangoganizani Bullets itamaliza ligi pamwamba, kenako n'kuuzidwa kuti iyambe yagonjetsa Wanderers tsiku limodzi kuti itchedwe akatswiri. Kwathu bwenzi kutavuta. Kuno ndi mmene zilili kuyambira 1998, ndipo Leeds yomweyi inatengapo ukatswiri mu 2011 ndi 2012 itamaliza ligi pa nambala 5.

Njira yachidule yomvetsa zonsezi ndi kuonera chaka cha 2015, pomwe Leeds inatenga zikho zonse zitatu mphunzitsi wake ali Brian McDermott. Fufuzani pa YouTube magemu atatu, ndipo muwaonere motsatana, inu ndi mwanayo.

Yoyamba ndi fainolo ya Challenge Cup mu Ogasiti, pomwe anaswa Hull Kingston Rovers 50 kwa 0, Tom Briscoe yekha n'kugoletsa ma try asanu. Imeneyi ingoonerani zidule zake, mulibe mpikisano. Phindu lake n'lakuti muona bwinobwino mmene try imapangidwira popeza ikubwerezedwa kambirimbiri.

Yachiwiri ndiyo ndikufuna muionere mofatsa, makamaka mphindi khumi zomaliza. Atabwerako ku Wembley anyamatawa anachita ngati atopa, anagonja magemu atatu otsatizana, ndipo Wigan inawapeza. Tsiku lomaliza la ligi, pa 25 Sepitembala, Leeds inali ku Huddersfield pamene Wigan inkasewera ndi Castleford kwawo. Panalibe amene ankadziwa komwe chishango chithere, moti okonza ligi anachikweza mu helikopita kuti chithamangire kwa amene wapambana. Wigan inapambana mosavuta, ndipo nthawi itatsala pang'ono Leeds inali kumbuyo 16 kwa 8. Briscoe anagoletsa, kaputeni Kevin Sinfield n'kuwonjezera mapointi awiri, kenako anapatsidwa penate ndipo Sinfield anaimenya kuti zikhale 16 kwa 16. Ambiri tinaona ngati wavomera kufanana mphamvu, chishango chipite ku Wigan bola semifainolo akasewerere pakhomo. Ine ndinali pa malo ena omwera ku Harehills ndi anzanga a kuntchito, ndipo mmodzi anali atavala kale jekete kuti azipita. Masekondi omaliza, Danny McGuire anaukankha mpira pang'ono ndi mwendo kudutsitsa pamwamba pa otchinga, unadunda mokomera Ryan Hall, ndipo chimunthu chija chinathamanga m'mbali mwa mzere mpaka kukagunditsa, belu lothera litalira. 20 kwa 16. Leeds ndi Wigan anafanana mapointi pa ligi, koma Leeds inaposa pa kusiyana kwa zigoli. Mnzathu wa jekete uja sanapitenso kunyumba msanga usiku umenewo.

Yachitatu ndi Grand Final ya pa 10 Okutobala, Leeds ndi Wigan yomweyo, bwalo litadzaza anthu oposa 73,000. Iyi ioneni yonse ngati mungaipeze. Pokapuma Leeds inkatsogola 16 kwa 6, Wigan inabwerera mwaukali mpaka kutsogola 20 kwa 16, kenako mnyamata wina wachichepere, Josh Walters, amene ambiri sankamuwerengera n'komwe, anagoletsa try yofananitsa. Sinfield anamenya mpira wake, 22 kwa 20, ndipo zinathera pomwepo. Inali gemu yomaliza mu yunifomu ya Leeds kwa akuluakulu atatu: Sinfield, Jamie Peacock ndi Kylie Leuluai. Mukaona anthu akuluakulu akulira pa kanemayo, chifukwa chake n'chimenecho.

Poonera magemu amenewa muona kamunthu kakafupi kwambiri, ka nambala 7, kakuzemba pakati pa zimphona. Ameneyo ndi Rob Burrow. Muuzeni mwana wanu za iyeyu ngati anzake sanamuuze kale, chifukwa simungakhale mu Leeds osamva dzina lake. Mu Disembala 2019 anamupeza ndi matenda opha mitsempha omwe kuno amawatcha MND, ndipo anamwalira pa 2 Juni 2024. Sinfield anathamanga mipikisano yaitali isanu ndi iwiri m'masiku asanu ndi awiri mu 2020 kusonkhetsa ndalama zothandizira odwala matendawa, ndipo mu 2023, pa mpikisano wothamanga wa mu Leeds, anamunyamula mnzakeyo kumuchotsa pa njinga ya olumala n'kudutsa naye pa mzere womalizira. Inu amene mwati mumagwira ntchito yosamalira okalamba, tchulani dzina la Burrow kwa agogo a kuno, muona mmene nkhani itsegukire.

Tsopano chenjezo, chifukwa ndikakusiyani ndi 2015 yokha ndakunamizani. Chaka chimenecho chisanathe n'komwe, pa 26 Disembala, mtsinje wa Aire unasefukira n'kuwononga malo awo ochitira zokonzekera ku Kirkstall. Akuluakulu atatu aja anali atapita, ovulala anachuluka, ndipo mu 2016 timu yomwe inatenga zonse inalephera kulowa ngakhale m'gulu la matimu 8 apamwamba, mpaka inachita kumenyera kuti isatuluke mu Super League. Inadzukanso mu 2017 n'kugonjetsa Castleford 24 kwa 6 pa Grand Final, ukatswiri wake wachisanu ndi chitatu wa Super League, koma kupatula Challenge Cup ya 2020, zaka zotsatira zinali za njala, aphunzitsi akusinthanasinthana. Mnyamata wanuyo adziwiretu kuti tiketi ya chaka chonse imaphatikizapo Lachisanu la mvula pomwe timu yanu ikukwapulidwa pakhomo ndipo inu mwalipira kale. Ana ena zimenezi zimawalimbitsa, ena pofika Meyi amakhala atabwerera ku Arsenal yawo.

Ndiye chitani chonchi. Gulani matiketi a gemu imodzi kapena awiri basi. Ngati mungasankhe, sankhani tsiku lomwe kukubwera Wigan kapena St Helens, chifukwa ndi pomwe bwalo limadzaza ndipo mumamva kukoma kwake kwenikweni. Ku South Stand ndi komwe kuli moyo, kuli malo oimirira, ng'oma ndi malipenga zikulira gemu yonse, koma mwana wa zaka 11 angavutike kuona pakati pa anthu ataliatali ngati simufika msanga kukagwira malo a kutsogolo. Komanso ena kumeneko pakamwa pawo sipasankha mawu pamene woyimbira mpira walakwitsa. Ulendo woyamba ine ndingakhale pa mipando, kenako mwanayo adzanene yekha ngati akufuna kukaimirira. Za chitetezo musade nkhawa kwambiri. Kumabwera mabanja, agogo ndi tiana tomwe, ndipo masapota a matimu awiriwo nthawi zambiri amayenda msewu umodzi popanda ndewu. Ine m'zaka zonsezi chomwe chinandivutapo ndi kuzizira basi.

Galimoto isiyeni kunyumba, misewu ya ku Headingley ndi yopapatiza ndipo poimika ndi povuta tsiku la gemu. Kwerani sitima pa siteshoni yaikulu ya Leeds mutsikire pa Burley Park, kuchokera pamenepo ingotsatirani anthu ovala zabuluu ndi zachikasu, mphindi zochepa mwafika. Onetsetsani chipata chomwe chalembedwa pa tiketi, chifukwa bwalo la rugby linagundana ndi la cricket ndipo alendo ambiri amazungulira mbali yolakwika.

Chomaliza, yang'anani kaye rota yanu ya kuntchito. Magemu ambiri amakhala usiku wa Lachinayi kapena Lachisanu, ndipo a kanema amatha kusuntha tsiku. Ngati mumagwira ya usiku, werengani kuti pa magemu a pakhomo a chaka chonse mungapite angati. Akakhala osafika theka, matiketi a tsiku ndi tsiku akutsikirani mtengo. Dziwaninso kuti tiketi ya chaka chonse nthawi zambiri imakhala ya magemu a ligi okha, a chikho ndi a ndime zochotsana amagulitsidwa padera, ndiye funsani ku ofesi ya matiketi musanalipire. Mukasankha tsiku lembani muno, ngati sindili pa ntchito tidzakumane pa Burley Park, ndipo mwanayo abwere ndi jekete yokhuthala ngakhale kutakhala kuti masana kunawala dzuwa.