Ndinaulula liwu la Wordle pagulu la kwathu, tsopano andikwiyira

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndaifupikitsa. Mwana wa mchemwali wawo, namwino ku Manchester, anawalowetsa pagulu la WhatsApp la achibale ndi abwenzi pafupifupi 20. Pagulupo m'mawa uliwonse anthu amaponya timabokosi tobiriwira, tachikasu ndi totuwa, pamwamba pake nambala ngati 4/6. Anawaphunzitsa kasewero ka Wordle, ka pa intaneti, kofuna kuti upeze liwu lobisika la Chingerezi la malembo asanu m'maulendo osapitirira asanu ndi umodzi (4/6 ndiye kuti walipeza paulendo wachinayi), iwo n'kuyamba kuyeserera. Tsiku lina analipeza liwu paulendo wachitatu, ndipo chimwemwe chitawakwera analilemba pagulupo ndi malembo akuluakulu. Pasanathe mphindi zisanu mlamu wawo, yemwe ndi admin, anafufuta uthengawo. Wina analemba kuti "anti mwatiwonongera tsiku," wina anatuluka osatsanzika. Akufunsa kuti: "Ndalakwa chiyani? Anthu a ndevu zawo angakwiye chifukwa cha liwu la malembo asanu? Ndipepese kapena ndingotulukamo? Komanso pali mnyamata wina amene tsiku ndi tsiku amapeza pa 2/6. Ine ndikuona ngati amabera. Ndinene?"

Mayi, munalakwa ndithu. Koma ndi kulakwa kwa mlendo amene wakhala pampando wa mwini nyumba chifukwa palibe anamulozera pokhala. Mupepese, musatuluke.

Mwaimapo pambali pa anthu osewera bawo? Owonerera amaloledwa kutsokomola, kuseka, kupukusa mutu, ngakhale kunena kuti "apa wapsa." Koma amene watambasula dzanja n'kuloza kuti "yambira apa" amamuyang'ana ndi diso lofiira, mwina kumuthamangitsa kumene. Inu munaloza. Ndipo pa Wordle nkhani imakula kuposa pa bawo, chifukwa pa bawo masewero akawonongeka mumafesanso nkhomo n'kuyambiranso. Wordle ndi liwu limodzi patsiku, lomwelo kwa munthu aliyense padziko lapansi. Wina akakuuza, zako zathera pomwepo mpaka pakati pa usiku. Anthu 20 anadzuka aliyense akudziwa kuti ali ndi kakamba kake ka mphindi zisanu podikira tiyi, inu n'kudyera onse musakudziwa.

Kusowa kwa mwayi wachiwiri kumeneku si ngozi, anakukonza dala. Amene anapanga masewerowa ndi Josh Wardle, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wochokera ku Wales amene ankakhala ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Dzina loti Wordle ndi nthabwala chabe pa dzina lake. Anawapangira bwenzi lake Palak Shah, amene amakonda masewero a mawu, ndipo mayiyo ndi amene anakhala pansi kusefa mawu a Chingerezi a malembo asanu, oposa 12,000, n'kusiyapo pafupifupi 2,300 amene munthu wamba angawadziwe. Poyamba ankasewera awiriwo, kenako achibale pagulu lawo la WhatsApp, ngati lanulo. Anawatulutsa poyera mu Okutobala 2021. Pa 1 Novembala osewera anali 90 okha. Pofika kumayambiriro kwa Januwale 2022 anali atapitirira 300,000, ndipo pa 31 mwezi womwewo nyuzipepala ya The New York Times inalengeza kuti yawagula ndi ndalama zoposa madola 1 miliyoni.

Chimene chinadumphitsa chiwerengero chija kuchoka pa 90 ndi timabokosi tomwe mumationa pagulu lanu, ndipo nzeru yake siinachokere kwa Wardle. Anthu a ku New Zealand, amene anali m'gulu la oyamba kukonda masewerowa, ankafuna kuuzana momwe zawayendera osaulula yankho. Mayi wina kumeneko anayamba kusanja timabokosi tamitundu pafoni ndi dzanja, mzere ndi mzere. Wardle ataona anakakonda, ndipo pakati pa Disembala 2021 anaika batani lokopera timabokosito. Onani bwino, mayi: timabokosi timanena zonse kupatula liwulo. Timanena kuti unayamba moipa, unapeza lembo limodzi pamalo olakwika, unavutika mizere iwiri, kenako zinakutsegukira. Ndi njira yodzitamandira kapena yodandaulira popanda kulanda mnzako mwayi wake. Tsono mwambo wonse wa pagulu lanu unamangidwa pa chinthu chimodzi chomwechi, kuti liwu lisatchulidwe, ndipo inu munagwetsa mzati wapakati.

Palinso nkhani ya nthawi, imene aphunzitsi odzuka m'mamawa ngati inu sachedwa kuiiwala. Liwu latsopano limabwera pakati pa usiku malinga ndi wotchi ya komwe uli. Inu mukamasewera 5 koloko ku Lilongwe, mwana wa mchemwali wanu ku Manchester kwake ndi 3 koloko kapena 4 koloko ya usiku, kutengera nyengo. Wa ku Johannesburg muli naye nthawi imodzi, koma mwina sasewera mpaka atakwera basi yobwerera kunyumba madzulo. A ku Auckland amakhala atatsogola ndi maola 10 kapena 11, moti ali ndi liwu la mawa ife tikadali pa lalero. N'chifukwa chake pa intaneti anthu amakhwimitsa kwambiri lamulo losaulula. Mu Januwale 2022 wina anapanga akaunti yodziyendera yokha pa Twitter, imene inkayankha aliyense woponya timabokosi pomunyoza n'kumuuziratu liwu la mawa lake. Zinali zotheka chifukwa mndandanda wonse wa mayankho unali wobisika m'kati mwa pulogalamuyo, wodziwa kusuzumira ankauwerenga. Anthu anakwiya, a Twitter anaitseka. Ndiye mlamu wanu pofufuta uthenga wanu sanayambitse nkhanza zachilendo.

Ndikuchenjezeni kuti kuulula sikuthera pa kulemba liwu. Kunena kuti "lero muli lembo lobwereza" ndi kuulula. Kunena kuti "lero ndi chinthu cha kukhitchini" ndi kuulula. Kujambula foni yanu malembo akuoneka ndi kuulula koipitsitsa, chifukwa chithunzi chimalowa m'maso munthu asanaganize zotseka. Ine ndinadzudzulidwapo chifukwa cholemba kuti "lero a ku America atibera," ndipo wondidzudzulayo ananena zoona, pakuti ndinali nditauza aliyense kuti aganize za kalembedwe ka ku America.

Tsopano funso lanu lenileni, loti anthu a ndevu zawo angakwiyire bwanji kanthu kochepa chonchi. Ine ndimaona kuti timabokosi tija ndi moni. Kwathu kuno sudutsa pakhomo pa munthu m'mawa osafunsa kuti mwadzuka bwanji, ndipo wofunsayo sikuti akufuna lipoti la kuchipatala. Akungofuna kumva mawu ako, adziwe kuti ulipo. Abale akabalalika, wina Manchester, wina Johannesburg, wina Mzuzu, moni wa tsiku ndi tsiku umavuta. Kuimba foni tsiku lililonse n'kolemetsa, ndipo tinene zoona, uthenga woti "muli bwanji kumeneko" wochokera kumudzi ena amauopa poganiza kuti kumbuyo kwake kukubwera pempho la ndalama. Koma 4/6 sapempha kanthu. Safuna yankho, sayambitsa nkhani ya ndale, ya tchalitchi kapena ya malo a malemu agogo. Amangonena kuti ndadzuka, mutu ukugwira, ndakukumbukirani.

Nkhani imene inandikhutiritsa pa zimenezi inachitika mu Febuluwale 2022 kufupi ndi Chicago. Munthu wachilendo anathyola nyumba ya gogo wina wa zaka 80 usiku n'kumutsekera m'chipinda chapansi kwa maola ambiri. Mwana wake wamkazi, amene ankakhala kutali ku Seattle, anadabwa kuti mayi ake sanatumize zotsatira za Wordle m'mawa umenewo monga ankachitira tsiku lililonse, komanso mauthenga sakuwerengedwa. Achibale anadziwitsa apolisi, ndipo gogoyo anapulumutsidwa wamoyo. Sindikunena kuti gulu lanu lidzapulumutsa munthu kwa achiwembu. Koma ndikhulupirira mwaonapo kale kuti wina akasowa masiku awiri osaponya timabokosi, pamapezeka wofunsa kuti kodi uje ali bwino.

China chimene chimapsetsa anthu mtima ndi streak, chiwerengero cha masiku amene wapeza liwu motsatizana osaphonya. Alipo amene asunga masiku mazana angapo, ndipo amachisamala ngati mbuzi ya chiwongo. Wotere mukamuuza yankho mwamuika pampanipani: akalilemba paulendo woyamba wabera, akadziyesa wosadziwa akudzinamiza, akasiya streak yaduka. Kulemera kwa streak kunaonekera pa 8 Disembala 2022, pamene ogwira ntchito ku The New York Times ananyanyala ntchito kwa maola 24. Mwa zina zimene anapempha anthu kuti awathandize nazo, kunali kusasewera Wordle tsiku limenelo. Anadziwa kuti akupempha nsembe.

Koma musaganize kuti pagulu lotere anthu amakhala chete ngati pamaliro. Zokoma zake zili pa kudandaulira limodzi onse akamaliza. Mu Januwale 2022 yankho linali FAVOR, ndipo a ku Britain analira mokweza chifukwa kwa iwo, monganso ife tinaphunzirira kusukulu, liwu limeneli lili ndi malembo asanu ndi limodzi. Pa 5 Meyi chaka chomwecho kunabwera HOMER, liwu la masewero a baseball, ndipo anthu a kunja kwa America anakhamukira ku dikishonale ya Cambridge kukalifufuza mochuluka kwambiri moti a dikishonaleyo analisankha kukhala liwu la chaka cha 2022. Mu Seputembala kunabwera PARER, kampeni kosendera zipatso. Ilo linapha ma streak ambiri mwankhanza: munthu wapeza malembo anayi obiriwira, kusonyeza kuti ali pamalo ake, watsala ndi lapakati lokha, n'kuyesa PAPER, PAGER, PALER, PAYER, mpaka mipata yonse isanu ndi umodzi kutha. Tsiku ngati limenelo gulu limasangalala kuposa tsiku lophweka, chifukwa dokotala, dalaivala ndi mwana wa sukulu onse agwa m'dzenje limodzi. Kuyambira Novembala 2022 pali mkonzi, Tracy Bennett, amene amasankha mawuwo, ndiye tsopano anthu ali ndi dzina loliloza chala akakwiya.

Ndipatuke pang'ono. Nthawi zina ndimaganiza momwe zikanakhalira m'Chichewa. Mawu a malembo asanu tili nawo osowa powaika: nsima, mudzi, madzi, mwana, mbuzi, mvula. Koma kabokosi komaliza sikakanavuta, pakuti mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo mkangano woyamba ukanakhala wa ng'ona, kuti kachizindikiro kaja tikawerenge kapena ayi. Zilape zathu nazo zinali ndi lamulo lomweli. Woponya akati "Chilape!" ife "Nachize!", mwana amene anachimvapo kale n'kufuula yankho enafe tisanaganize tinkamukankha ndi chigongono.

Za mnyamata wa 2/6. Kupeza paulendo woyamba ndi mwayi weniweni, umodzi pa 2,000 ndi kuposa. Paulendo wachiwiri zimachitika, koma mwa apo ndi apo, ngakhale kwa amene amayamba ndi mawu osankhidwa bwino ngati CRANE kapena SLATE. Anthu amene ndimasewera nawo, ena a iwo aphunzitsi a Chingerezi, masiku ambiri amathera pa 3 kapena 4. Tsono ngati mnyamatayo amapeza pa 2/6 tsiku ndi tsiku, kukayika kwanu kuli ndi maziko, ndipo kubera n'kosavuta: nyuzipepala zambiri pa intaneti zimalemba yankho la tsikulo, kapena munthu amasewera kaye pafoni ina. Koma musanene. Simungathe kupereka umboni, palibe khobidi limene wadyera munthu, ndipo ndikukutsimikizirani kuti ena 18 aja anaona kale. Mukayang'ana bwino mupeza kuti iye akaponya 2/6 yake palibe amene amayankha, pamene wina akaponya 6/6 amalandira tizithunzi toseka ndi tolira tambirimbiri, ndipo wolimba mtima kuponya X/6, kusonyeza kuti walephereratu, ndiye amapepesedwa ngati nkhuku zake zafa ndi chitopa. Komanso inu panopa muli ndi mlandu wanu, si nthawi yoti mukhale wosuma.

Chochita n'chochepa. Lembani pagulupo mawu awiri atatu: kuti simunkadziwa, mwamva, sizidzachitikanso. Musafotokoze zambiri, ndipo musaonjezere kuti "koma inunso mukanandiuza," ngakhale zili zoona kuti akanakuuzani. Amene anatuluka uja mulembereni payekha, kenako mupemphe mlamu wanu amubwezeretse. Ngati mukufuna kumakambirana liwu lenilenilo, ndipo ndikudziwa kuti mphunzitsi zimamuyabwa, funsani ngati gulu lingagwirizane ola, mwina 9 koloko madzulo, pamene liwu limamasulidwa. Magulu ena amachita choncho, ena amatsegula gulu lachiwiri la omaliza okhaokha. Mukamaliza kusewera mawa, dinani batani lolembedwa Share, osati kujambula foni, ndipo muyang'ane kawiri musanatumize kuti palibe lembo likuoneka.