Thumba la phulusa silinafumbwe: kodi ndiye kuti phulusa lagwira ntchito?

Sabata yathayi ndinalandira imelo ya mtsikana wina wa Fomu 3 ku Mchinji. Akuti agogo ake amathira phulusa m'chimanga chokonola kuti chisafumbwe. Iye anayesa pathumba limodzi mu Juni, pano ndi Okutobala chimanga chidakali bwinobwino, ndipo akufuna kukaonetsa zimenezi pa chionetsero cha sayansi kusukulu kwawo. Wafunsa kuti: "Kodi ndingalembe kuti ndatsimikiza kuti phulusa limapha anankafumbwe?"

Mwana wanga, funso lako landikondweretsa chifukwa lachokera pakhomo, pomwe njala imayambira. Koma mawu oti "ndatsimikiza" uyambe wawasunga kaye. Mwina chimangacho chinauma bwino. Mwina ndi chamakolo, chomwe maso ake ndi olimba. Mwinanso m'chipinda chomwe unaikamo thumbalo munalibiretu anankafumbwe. Phulusa likhoza kukhala kuti linathandizadi, koma thumba limodzi silingakuuze, poti palibe linzake lopanda phulusa loti ufananize nalo.

Mu 1668 ku Italy, anthu akukhulupirirabe kuti mphutsi zimangobadwa zokha m'nyama yowola, katswiri wina wa sayansi, Francesco Redi, anaika nyama m'mabotolo. Ena anawasiya kukamwa, ena anawatseka, ena anawaphimba ndi kansalu kopyapyala. Mphutsi zinadzadza m'nyama ya mabotolo osatseka, momwe ntchentche zinkatera. Chimene chimandigwira mtima ndi kansaluko. Pa botolo lotseka munthu akanatha kutsutsa kuti nyama yasowa mpweya, koma kansalu kamalola mpweya n'kuletsa ntchentche zokha. Kukonza kafukufuku n'kumeneko: kuganiziratu zomwe wokutsutsa anganene, n'kumutsekera njira usanayambe.

Ndiye tenga mabotolo khumi ofanana, otsuka ndi kuumitsa. M'botolo lililonse uikemo magalamu 200 a chimanga chochokera m'thumba limodzi. Asanu uthiremo phulusa, asanu usathiremo kanthu. Phulusalo likhale la nkhuni zamtundu umodzi, losefa, loyeza pasikelo ya mu labotale, osati "kadzanja kamodzi". Kenako m'botolo lililonse uikemo anankafumbwe amoyo 20. Chosiyana pakati pa magulu awiriwa chikhale phulusa lokha basi.

Apa pali misampha iwiri yomwe ndimaona ana ambiri akugweramo, ndipo ndikufuna uimvetse bwino.

Nankafumbwe wamkazi amaboola diso la chimanga, kuikiramo dzira, n'kumata pabowopo. Mphutsi imakulira m'katimo osaoneka, ndipo kukamatentha imatuluka ili nankafumbwe wamkulu pakatha masabata pafupifupi asanu. Choncho chimanga chooneka choyera chikhoza kukhala ndi mazira kale, botolo lina ambiri, lina ochepa, iwe osadziwa. Usanayambe, chimange m'pulasitiki uchisiye sabata yathunthu mufiriji, mbali youmitsa madzi ija, kuti zonse zam'kati zife. Ukachitulutsa, chisiye chifunde chili chomangabe kuti chisatenge chinyezi.

Msampha wina ndi chivindikiro. Matumba osalowa mpweya otchedwa PICS amateteza chimanga popanda mankhwala chifukwa tizilombo timamaliza mpweya wam'kati n'kufa. Ukatseka botolo lako ndi chivindikiro cholimba, anankafumbwe akhoza kufa ndi kubanika, iwe n'kumayamika phulusa. Phimba ndi kansalu, umange ndi mphira. Uonetsetsenso kuti tizilombo tako ndi tamtundu umodzi. Tenga tokhala ndi kamlomo kakatali kutsogolo. Pali kena kowononga kwambiri, kopanda kamlomoko, kamene kanachokera ku Central America n'kufika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pambuyo pake n'kulowa kuno. Kameneko kamaboola ndi mtengo womwe. Ukatisakaniza, sudziwa kuti phulusa lagonjetsa kachilombo kati.

Ungafunse kuti mabotolo asanu asanu achulukiranji. Zamoyo sizifanana. M'botolo limodzi mukhoza kugwera akazi ambiri, m'lina okalamba okhaokha. Ukaona zomwezo m'mabotolo asanu, mpamene mtima ungayambe kukhazikika. Poika pashelefu, usandandalike a phulusa kuzenera ena kukhoma. Lemba manambala patimapepala uchite mayere, botolo lililonse lipite pomwe mayere aligwetsera. Njira ya mayereyi anaikhazikitsa ndi katswiri wa masamu Ronald Fisher, amene anayamba ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919. Ukadzaona timinda ting'onoting'ono tokhala ndi zikwangwani kumalo ofufuzira zaulimi ngati ku Chitedze kapena ku Bunda, dziwa kuti mwambo wake ndi womwewo.

Usanaike nankafumbwe ndi mmodzi yemwe, lemba m'kope zomwe ukuyembekeza, ndi zomwe zingakuchititse kuvomera kuti unalakwitsa. Mwachitsanzo: "Ngati phulusa limapha, pakatha masiku 14 akufa adzachuluka m'mabotolo a phulusa. Akadzafanana mbali zonse, ganizo langa lagwa." Tsiku la 14 khuthula, werenga akufa ndi amoyo, uwachotse onse, ubwezere chimanga ndi phulusa lake. Samala, anankafumbwe amanamizira kufa. Akhudze ndi kaudzu udikire pang'ono. Ndipo ngati n'kotheka awerengenso mnzako payekha, chifukwa diso limakonda kuona zomwe mtima ukufuna. Pakatha masabata asanu ndi limodzi kuchokera tsiku limenelo, werenga ana otuluka. Chiwerengero chachiwirichi ndimachilemekeza kuposa choyamba, pakuti phulusa likhoza kulephera kupha akuluakulu koma n'kuchepetsa kuswana kwawo, ndipo pankhokwe kuswanako ndiye kumamaliza chimanga.

Zikatuluka kuti palibe kusiyana, usabise, kaonetse zomwezo pachionetsero ndi manambala ake onse. Ukatero upite kwa agogo ukawafunse kuti iwo amathira phulusa lochuluka bwanji pandowa imodzi, nanga ndi la mtengo wanji, chifukwa mwina muyeso wako ndi umene unachepa. Ukandilembere zomwe akakuuze.