Bukulo musaliponye pambaula, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndinaumva m'mawa ndili pamzere wa taxi ku Bree kuno ku Joni, koma phokoso la pamenepo inu, sindikanayankha. Pano ndaweruka, ndakhala pansi ndi tiyi wanga, ndiye mundilole ndilankhule motalikirapo. Popeza gulu lino ndi la ife akazi okhaokha, ndingoyankhira pompano, amayi nawonso amve.

Mwati Lachiwiri usiku munamupeza mwana wathu akulira m'bulangete, tochi ya foni ili chiyakire, buku lija ndinatumiza lili m'manja. Mutamufunsa, akuti ndi nkhani ya mtsikana ndi mnyamata odwala amene anakondana, wina n'kumwalira. Ndiye mukundifunsa kuti ndinkaganiza chiyani potumizira mwana wa sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo aja, buku la maliro, komanso ngati si lomweli lamuyambitsa zolemberana mauthenga ndi mnyamata wa kukwaya uja. Mwati mukufuna kuliponya pambaula.

Mlandu ndikuuvomera, sindithawa. Mabuku aja anandipatsa ndi mwana wa abwana anga ku Randburg pamene ankapita ku yunivesite, katoni yathunthu. Tsiku lomwe ndinkamanga katundu wokapereka kwa a transipoti ku Park Station, mabulangete ndi mafuta ophikira aja, limenelo ndinalichotsamo. Linagona pampando usiku wonse. M'mawa ndinalibwezeramo. Ndiye musaganize kuti linalowamo mwangozi ayi. Ndinali nditaliwerenga kale ineyo, mu taxi popita ndi pobwera kuntchito, ndipo tsiku lomwe ndinkamaliza, mayi wina wachizulu amene ndinakhala naye pampando anachita kundipatsa tishu osandifunsa kanthu.

Ndikuuzeni zomwe zilimo, musamangomvera kwa mwana. Dzina lake ndi The Fault in Our Stars, analemba ndi John Green wa ku America, linatuluka mu 2012, ndipo mu 2014 anapanga filimu yake. Mtsikanayo ndi Hazel, wa zaka 16, msinkhu wa wathuyu ndendende. Ali ndi khansa yomwe inayambira pachithokomiro n'kufalikira m'mapapo, moti kulikonse kumene akupita amakoka kabotolo ka mpweya, timapaipi tili m'mphuno. Mnyamatayo ndi Augustus, wa zaka 17, khansa ya m'mafupa inamudulitsa mwendo. Amakumana pagulu la achinyamata odwala lomwe limasonkhana kutchalitchi china mumzinda wa Indianapolis. Ukamawerenga umangoti basi mtsikanayu ndiye atsogole, koma amene amamwalira ndi mnyamata uja ankaoneka wathanzi. Ndisakunamizeni, pali malo amodzi, ali paulendo ku Amsterdam, pamene awiriwa amagona limodzi. Wolembayo sanachite kufotokoza zonyansa, anangodutsapo, koma zilimo. Bambo ameneyu anagwirako ntchito m'chipatala cha ana ngati wophunzira zaubusa, ndipo bukuli analipereka kwa mtsikana wina dzina lake Esther Earl, yemwe anamwalira ndi khansa mu 2010 ali ndi zaka 16. Ndiye za odwala sanachite kuzilota.

Tsono chomwe ndinalibwezera m'katoni ndi ichi. Poyamba Hazel amamukana mnyamata uja. Osati poti sakumufuna, koma amadziona ngati bomba loti tsiku lina lidzaphulika n'kuvulaza aliyense amene wamuyandikira, ndiye akuti bola anthu omukonda achepe. Nditafika pamenepo ndinatseka buku, chifukwa ndinaona nkhope ya mwana wathu.

Mukukumbuka chaka chija anagonekedwa ku Queens ali ndi zaka 9, inu muli ndi pakati pa wachiwiriyu, ine ndili gadiyani? Kunabwera wachibale wina kudzazonda, dzina sinditchula, akudzidziwa. Ataima kumiyendo kwa bedi ananena kuti, ameneyu musamamuwerengere, bola mukubereka wina. Iwo ankayesa kuti mwana wagona. Sanagone. Usiku umenewo anandifunsa kuti, amayi aang'ono, kuwerengera n'kutani? Ndinamunamiza kuti akunena za masamu. Mpaka lero sindinakuuzenipo zimenezi.

Ndipo taganizani mmene timalankhulira naye tonsefe. Wamwa mankhwala? Wamwa madzi? Juzi ili kuti? Neti wakunga? Zonsezo n'zachikondi, palibe angatsutse. Koma pachinkhoswe cha msuweni wathu chija, ndinaonera pavidiyo yomwe munatumiza, azakhali ankazungulira atsikana onse, uyu wotsatira ndiwe, uyu tikudya mpunga wako chaka chamawa, anthu kuseka. Atafika pa iye anangomusisita paphewa n'kudutsa. Palibe m'banja mwathu amene anamuserewulapo za ukwati. Ana amaona zimenezo, achemwali. Ndiye kwabwera buku lomuuza kuti mtsikana wa timapaipi m'mphuno, wotopa pokwera masitepe, mnyamata angamuyang'ane n'kumufuna, akudziwa bwinobwino za matenda ake. Ine ndikuganiza kuti misozi mwaionayo si ya maliro a Augustus okha ayi.

Komatu musamve ngati ndikuwaikira kumbuyo mabuku amenewa pa chilichonse. Kuno alipo ambiri, m'masitolo a mabuku ku Rosebank ngakhale kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni, ndipo atsikana a kuno amawalimbirana. M'katoni momwemo muli linanso, Five Feet Apart, filimu yake inatuluka mu 2019. Mmenemo awiriwo ali ndi cystic fibrosis, matenda obadwa nawo omwe amadzaza mapapo ndi makhololo olimba. Odwala matenda amenewo saloledwa kuyandikirana kuopa kupatsirana tizilombo, amayenera kutalikirana mapazi 6, ndiye chikondi chawo chonse chili pa kuba phazi limodzi. Nkhani yokoma, inde. Koma onani mmene amakometsera kudwala. Wodwala ali ndi chipinda chakechake m'chipatala, wakhoma zithunzi, tsitsi lili bwinobwino, nthabwala zili pakamwa. Mulibe za kudzuka 4 koloko kukagwira mzere. Mulibe za kuimbira abale onse kufuna wopereka magazi. Maso achikasu mulibe, kuchedwa kukula anzako onse atatha msinkhu mulibe, kujomba mayeso a teremu chifukwa mafupa akuwawa ngati akukhomamo misomali mulibe. M'katoni monse muja munalibe ngakhale buku limodzi la mwana wakuda wa sickle cell, kapena la ana athu aja anabadwa ndi kachilombo, amene amakumana ku Teen Club Loweruka, amene mutu umawazungulira kuti chibwenzi adzachiuza liti zoti amamwa ma ARV. Nkhani zimenezo zili m'makomo mwathu mbwee, koma zomwe ana athu akuwerenga ndi za ku Indianapolis.

Chimene chimandiopsa ine m'mabukuwa si chibwenzi. Ndi ziwiri. China n'chakuti amakonda kuthera kumanda kapena pa kusiyana, poti n'zomwe zimaliza anthu, ndipo zoliza ndi zomwe zimagulidwa. Mwana wodwala akawerenga atatu otere akhoza kuyamba kukhulupirira kuti chikondi cha munthu ngati iye chimayenera kukhala chachifupi, ndiye bola kuthamanga. Chinacho n'chakuti amatamanda kuphwanya malamulo a dokotala. Mu Five Feet Apart muja amathawa m'chipatala usiku kuli chisanu choopsa kukaona magetsi a mumzinda, mtsikanayo mpaka kugwera m'madzi oundana. Pafilimu zimaoneka zachikondi. Wathuyu atangoyerekeza kuyenda usiku wa mu June ku Ndirande opanda juzi, mawa lake tili kuchipatala. Inu mukudziwa kuposa ine: kuzizira, kusowa madzi m'thupi, malungo, kutopa kwambiri, ngakhale nkhawa, zonsezi zimapindika timaselo ta magazi ake ngati zenga, n'kumakodwa m'timitsempha, ululu n'kuyamba. Anatiphunzitsa anamwino aja kuti maselo ofiira a munthu wina amakhala masiku pafupifupi 120, pamene ake amatha pa masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake magazi amamuchepera kawirikawiri.

Ndiye pali chinthu chomwe ayenera kumva kuchokera pakamwa panu: iye si Hazel. Hazel ali ndi khansa yomwe madokotala akungoichedwetsa. Sickle cell ndi mtolo wa moyo wonse, wolemera, sitikukana, koma anthu akukula nawo, makamaka masiku ano a mankhwala a hydroxyurea. Kutchalitchi kwathu kuno ku Rosettenville kuli mayi wina wa ku Congo, zaka zapitirira 40, ali ndi matenda omwewa, ali pabanja, ana awiri, amasoka madiresi a ukwati. Miyezi yozizira ngati ino amasowa milungu ingapo, kenako timangomuona watulukira ndi chipewa chake chaubweya. Ndikamuona ndimakumbuka wachibale uja wa kumiyendo kwa bedi.

Za mnyamata wa kukwaya. Aaa, achemwali, mwana wathuyu ali ndi zaka 16, ali Folomu 3. Inu pa msinkhu umenewo makalata a alamu munkabisa m'thumba la chimanga, wonyamula ndinali ine, amayi akumva lero, pepani amayi. Buku silinamuphunzitse zimenezo. Sindikuti mumulekerere, sukulu ndiyo patsogolo, MSCE ndi chaka chamawa chomwechi. Koma mukalusa, mukalanda foni, mukaotcha buku, chimene amve iye n'chakuti anzake onse akhoza kukondedwa kupatula iye, ndipo ayamba kubisa. Mwana wina akabisa, timadandaula za mimba ndi sukulu. Uyu akabisa, nkhani yake ndi ya moyo. Mimba pa sickle cell ndi yoopsa ngakhale kwa munthu wamkulu, imafuna kukonzekera ndi madokotala, ndiponso hydroxyurea akumwayo si mankhwala oti munthu angotenga pakati dokotala asakudziwa. Zimenezi amve kwa inu ndi kwa anamwino a kukiliniki kwake, asakamve kwa anzake pampopi.

Ndipo pali nkhani ya magazi, yomwe mabuku achizunguwa sangamuuze. Inu ndi alamu nonse muli ndi mbewu ya matendawa koma simudwala, ndiye pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nawo unali umodzi pa inayi. Mukukumbuka mmene akuchimuna ankalozera chala kwathu, ena mpaka kutchula ufiti, kufikira dokotala atawakhazika pansi n'kuwauza kuti mbewuyi imachokera mbali zonse ziwiri. Kwa mwana wathuyu zili chonchi: akadzapeza mwamuna amene alibe mbewuyi, ana ake sadzadwala, adzangoinyamula. Akadzapeza woinyamula, pa mimba iliyonse mpata ndi theka. Ndiye tsiku lina, osati lero, munthu amene adzamufune adzayenera kukayezetsa magazi asanatumize amalume ake. Mukamuuza zimenezi, ndiye kuti mwamuuzanso kuti mukuyembekezera kudzavina pachinkhoswe chake. Sindikudziwa ngati mukundimva pamenepa. Ndi nkhani ya chipatala, koma iye adzamva kuti amayi ake akumuwerengera.

Chomwe ndingapemphe, bukulo mubwezereni pomwe munalitenga. Mawa kapena mkuja, mukamasankha nyemba muli awiri, alamu kulibe, mumuuze kuti, takambire nkhani ija inakuliza, Chingerezi chake ine chikundivuta. Musiyeni afotokoze yekha mpaka kumapeto, musamudule ndi malangizo. Mumve pamene mawu ake anjenjemere. Akanjenjemera pa maliro, mukambirane za imfa, poti amaiganizira ndithu, ana a m'wodi mwake angapo anawaona akutulutsidwa. Akanjenjemera pa bomba paja, pamenepo mumugwire dzanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi amatero. Za mnyamatayo musayambe ndinu tsiku limenelo, mwina azitchula yekha.

Five Feet Apart lija libakhalani nalo kaye inu, ndikufuna ndiyambe ndalankhula naye za kuthawa m'chipatala kuja asanaliwerenge. Ndiimba Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, cha m'ma 2 koloko, mumupatse foni ndipo mutuluke panja, tikambe zathu. Ndamugulira majuzi awiri ndi masokosi aubweya, ndipereka kwa a transipoti Lachisanu, afika sabata yamawa akapanda kuchedwa pa Mwanza. Ya buluuyo ndi yake, wachiwiriyo asalande. Foni yatsala pang'ono kuzima, ndiyankha za ndalama ya feteleza mawa.