Ntchito ya mu ofesi kuchipatala: yankho kwa mtsikana wa ku Dómuè

Mtsikana wina wa ku Dómuè, ku Angónia kuno ku Mozambique, wandilembera. Akuti anamaliza kalasi 12, magazi amawaopa, koma akufuna ntchito kuchipatala, ya mu ofesi. Akufunsa kuti amalowa bwanji, komanso ngati n'zoona kuti ndi ntchito yongokhala pampando.

Achemwali, ntchito za boma amalowera pa concurso, mpikisano wa ofuna ntchito umene boma limalengeza. Muziyendera ofesi ya SDSMAS, yoyang'anira zaumoyo m'dera lathu, ku Ulónguè, muziwerenga zomatidwa pa bolodi. Konzeranitu BI (chitupa chanu), NUIT (nambala ya msonkho), satifiketi ya kusukulu, registo criminal (kalata yosonyeza ngati munapalamulapo mlandu) ndi kalata ya dokotala yosonyeza kuti muli bwino m'thupi. Mukapambana musayambe kukongola ku golosale, chifukwa mapepala anu ayenera kudutsa kaye ku Tribunal Administrativo, bwalo lovomereza kulembedwa ntchito m'boma, ndipo kumeneko sikufulumira. Mabungwe othandiza boma nawonso amalemba ma digitador olowetsa zinthu mu kompyuta, koma ndi kontrakiti, imatha ndalama za pulojekiti zikatha.

Za pampandozo iwalani. Pa aceitação, polembetsera odwala, m'mawa mumapeza mzere utafika kale pabwalo: mayi wabereka mwana wotentha thupi, agogo ataya khadi, wina wadzera pa malire a ku Calómuè ndi kabuku ka chipatala ka ku Malawi. Kulandira metikali imodzi ya consulta n'kosavuta. Chovuta ndi dzina. Wolemba wina analemba Nkhoma, wina Ncoma. Wina Chisale, wina Chissale. Mayi yemweyo chaka chatha anatchula dzina la bambo ake, lero watchula la mwamuna wake, ndipo tsiku lobadwa salidziwa. Mukachita ulesi n'kumutsegulira processo (fayilo ya wodwala) yatsopano, munthu mmodzi wasanduka awiri, ndipo a técnico oona odwala amulembera mankhwala osadziwa zimene anamwa kale. Choncho muzifunsa mudzi, anyakwawa, dzina la amayi ake, mpaka mutsimikize. Anthu pamzere adzadandaula kuti mukuchedwa. Alekeni adandaule.

Kwa omwe amamwa ma ARV, chogwira ndi nambala ya NID, yozindikirira wodwala aliyense, osati dzina. Kuno ku Tete n'kumene magulu a GAAC anayambira mu 2008, boma likugwira ntchito ndi bungwe la madokotala la MSF: anthu osapitirira 6 a mudzi umodzi amasinthana kupita kukatengera anzawo mankhwala. Ndiye munthu mmodzi amaima pamaso panu ndi makhadi a gulu lonse, ndipo processo iliyonse muyenera kuipeza mu arquivo, mosungira mafayilo, n'kuibwezera pamalo pake. Ikalowa pa shelefu ina, munthu amene sanadumphepo tsiku amaoneka ngati anathawa mankhwala, a activista otsatira odwala m'midzi n'kukagogoda pakhomo pake, oyandikana nawo akuona.

Apa mpamene ndikufuna mudziyeze. Mudzaona processo ya mnzanu wa m'kwaya, ya alamu anu, ya aphunzitsi amene anakuphunzitsani. Azakhali anu adzakufunsani madzulo kuti, "Kodi auje akudwala chiyani, amangopezekapezeka kuchipatala?" Ngati pakamwa panu pamayabwa mukamva nkhani, musapite n'komwe ku concurso. Wolemba mmodzi wolongolola amachititsa anthu kusiya chipatala chapafupi n'kumakwera chapa kukalandirira kutali, ena n'kulekeratu.

Palinso tsiku la 20, pamene mwezi wa ziwerengero umatsekedwa. Mumawerenga m'mabuku a registo, mumadzaza resumo mensal (lipoti la pamwezi), zonse zikalowe mu SIS-MA, pulogalamu ya pa kompyuta ya ziwerengero zaumoyo, kuti a MISAU, unduna wa zaumoyo, ku Maputo azione. Magetsi akazima kapena intaneti ikagwa, tsikulo silisuntha. Phunziranitu Excel ndi kutayipa mofulumira.

Chipwitikizi chanu chikhale cholembeka bwino, poti mapepala onse ndi a m'Chipwitikizi, pomwe odwala mumalankhula nawo Chichewa. Akakutumizani ku Moatize kapena ku Changara mudzafunikanso Chinyungwe. Za malipiro, kuyambira 2022 boma limalipira potsata TSU, ndandanda umodzi wa malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndiye musanapereke mapepala funsani a recursos humanos, ofesi yoona za antchito, kuti malo alengezedwawo ali pa nível (mlingo wa malipiro) iti.